Umboni wa Kamakina

Bwana anandipatsa mpaka thwelofu koloko. Ananena ataima pakhomo la galaja, foni ina ili kukhutu, ina ili m'manja, monga amachitira tsiku lililonse. N'chifukwa chake pa yadi ponse timawatcha a Foni Ziwiri, koma akakhala kuti ali kutali.

"Mayi Kompyuta," anatero, "simenti ija inyamuka masana ano, zivute zitani. Ikamakwana thwelofu mundionetse vuto la thiraki imeneyi ndi maso angawa. Mukalephera, kalata ija ndisaina. Ndadikira mokwanira."

Kalata ankanenayo inali yochotsa ntchito dalaivala wa thiraki nambala seveni. Dalaivala ameneyo ndi bambo anga ondibereka.

Ndiyambe ndi kamakina, poti ndi kamene kanatifikitsa pamenepa. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo pa yadi yathu ya mathiraki khumi ndi anayi, wogwira kamakina koyezera ndi ine ndekha. N'kachinthu kachikasu, kukula kwake ngati njerwa, kali ndi galasi ndi chingwe. Chingwecho umachilowetsa pa kabowo kamene kali pansi pa chiwongolero, kamakinako n'kufunsa kompyuta ya thiraki kuti ikumva kuwawa pati. Kompyuta ikayankha, iwe umangowerenga pagalasi. Chibwerereni kamakina kameneka, mawu a makaniko amene wagwira sipanala zaka makumi atatu sapitanso patali. Bwana amangofunsa kuti, "Kamakina kati chiyani?" Ine sindinkadandaula nazo. Kunena zoona ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, chifukwa amuna omwe kale ankandituma kukatenga sipanala anayamba kundidikira pamzere.

Nambala seveni inazima katatu pa miyezi iwiri, ili pa liwiro, itasenza katundu. Maulendo awiri oyamba inazimira pamalo abwino, bambo n'kungoilizanso, ulendo n'kupitirira. Kachitatu, Lachiwiri lapitalo, inazimira pamtsetse wautali wotsikira ku mlatho. Amene sanayendetsepo thiraki sangadziwe kuti injini ikazima chiwongolero chimauma gwa, ndipo matani makumi atatu amene ali kumbuyo amayamba kukukankha. Thiraki inakakhula chipupa cha dothi cha m'mphepete mwa msewu, n'kuswa nyali ndi galasi la pambali, n'kukaima pafupi ndi pamene amayi ena amayala tomato wogulitsa. Sipanavulale munthu. Koma mayi wina anathawa kusiya nsapato pomwepo, ndipo nkhani inafika pa yadi thiraki isanafike.

Itabwera, ndinalowetsa chingwe anthu onse atandizungulira. Pagalasi panaoneka kuti palibe vuto lililonse. Bwana anati ndifufuze bwino. Ndinatsegula pamene kompyuta imasunga mbiri ya mmene injini yakhala ikuzimira, ndipo pakamwa pangapa, pamene pamathamanga kuposa mutu kuyambira ndili mwana, panawerenga mokweza.

"Injini inazimitsidwa ndi kiyi, galimoto ili pa liwiro la sikisite."

Ndinazindikira zimene ndanena mawu atatuluka kale. Aliyense amadziwa kuti madalaivala akale anali ndi chizolowezi chozimitsa injini pamtsetse, ati kupulumutsa dizilo. Aliyense amadziwanso lamulo la pakampani pathu, loti ukagwidwa ukuchita zimenezo ndi ulendo wa kwanu, ndipo mbiri yake imakutsogolera kulikonse kumene ungakafunsire ntchito.

"Kiyi sindinaigwire," anatero bambo.

"Madala, kamakina sikanama," anayankha bwana. "Komanso wawerenga si ine. Ndi mwana wanu."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi bambo ayendetsa popanda kukanda ngakhale bampala. Ndipo amene anawakoleka chingwe m'khosi pamaso pa anzawo ndi ine.

Kuyambira tsiku limenelo ndinachita zonse zimene ndinaphunzira. Ndinayeza mafyuzi onse, ndinakwecha mitu ya mabatire mpaka inawala, ndinasintha kachipangizo kalikonse kamene ndinkakakayikira. Chipewa, dalaivala wa nambala faivi, munthu amene palibe anaonapo pakati pa mutu wake, anaiyendetsa masiku awiri athunthu ndipo sinatsokomole n'komwe. Zimenezo zinangokulitsa mlandu. Anthu anayamba kunena kuti thiraki imeneyi imazima ikakhala ndi madala okha.

Kunyumba kunali koipa kuposa ku ntchito. Bambo amakhala ndi ine chimwalirireni mayi. Akanandikalipira ndikanapepukidwa, koma iwo ankangofika, kukhala pansi, n'kufunsa ngati pampopi pabwera madzi. Ngakhale za jekete lawo, limene masiku ano amangoliponya pampando m'malo molikoleka pamsomali wake, ndinasiya kuwalongolozera. Tinkadya osayang'anana.

Tsono m'mawa wa Loweruka limenelo, bwana atabwerera mu ofesi, ndinawapeza bambo atakhala pa tayala lakutha kuseri kwa galaja, akumwa tiyi wa m'fulasiki, kapu ili m'dzanja lamanzere.

"Tiyeni tikayesenso kamodzi, bambo."

"Kachitatu kameneka."

"Ngakhale kakhumi."

Anatsanula tiyi wotsala pansi n'kukwera. Ine ndinaima pa sitepe ya mbali yawo kuti ndilowetse chingwe. Mutu wa chingwe cha kamakina ndi waukulu, moti chiwongolero chikakhala chotsika sulowa pa kabowo kaja.

"Kwezani chiwongolero, bambo, chikundipanikiza."

Anaponda kachitsulo ka pansi n'kuchikankhira m'mwamba, monga anachitira maulendo awiri aja. Ndinalowetsa chingwe, n'kuzungulira kukakhala mbali inayo kamakina kali pamiyendo.

Tinayenda ola ndi theka. Tinadutsa msewu wokumbikakumbika wa kuseri kwa mafakitale, tinakwera mtunda wa kumatanki a madzi, tinatsika, tinakweranso. Maso anga sanachoke pagalasi. Magetsi anali okwanira, mafuta akuyenda, kutentha kuli pamalo pake, manambala onse ali phee ngati akundiseka. Chamumtima ndinkapempha kuti injini izime, pemphero limene makaniko sayenera kupemphera.

"Thamangitsaniko, bambo. Mukuyenda ngati mwanyamula mazira."

"Ilibe katundu. Imadumpha."

Tinalowa pageti hafu pasiti teni, injini ikulira bwino kuposa ya thiraki ina iliyonse pa yadi. Ndinazula chingwe n'kutsika, bambo n'kupita kukaimika thiraki pamthunzi wa galaja.

Chipewa anandikodola kuseri kwa migolo ya oyilo. Anayang'ana ku ofesi, kenako anatsitsa mawu.

"Mlongo, sukulu unapitako koma nzeru unasiya komweko. A Foni Ziwiri amadziwa chiyani za manambala akowo? Zula kawaya kamodzi ka pa injini, kamakina kalire, uwaonetse zofiira pagalasi. Ukatero ubwezeretse, unene kuti wakonza. Madala apulumuke, iwe ugone tulo."

"Nanga ikakazimanso ndi simenti pamtsetse?"

"Ine ndayenda nayo masiku awiri, yazima? Ungowauza madala asiye kusewera ndi kiyi, basi."

Sindibisa, ndinaiganizira nzeru imeneyi. Ndinkadziwa ndi kawaya kake koyenera kuzula, ntchito yosakwana mphindi imodzi. Miyendo inanditenga yokha mpaka ndinapezeka ndaima kutsogolo kwa thiraki, dzanja lili pa chotsegulira chivundikiro cha injini. Sindinamve kuti bambo afika kumbuyo kwanga.

"Ndamva zimene wakuuza mnzakoyo."

"Bambo, nthawi yatha."

"Ukatero, ndiye kuti nawenso wavomereza kuti kiyi ndinaigwira."

Ndinachotsa dzanja pa chotseguliracho, koma nkhope yanga inandiulula. Masiku anayi onsewo panali kamalo kena mumtima mwanga kamene kankati mwina. Mwina dzanja linapita lokha, chizolowezi cha kale. Kamakina kanali kasanandinamizepo. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva zomwe amayembekezera. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

"Usazule kanthu," anatero. "Asaine."

Anabwerera pa tayala lawo lija. Ine ndinakhala pa benchi ya galaja kamakina kali m'manja, ndikudina apa ndi apo, kutsegula zimene ndinali nditatsegula kale kambirimbiri. Ndinasowa mtengo wogwira. Wotchi ya pakhoma, imene masiku ena imachedwa ndi mphindi khumi, tsiku limenelo inkathamanga mwachipongwe.

Kota pasiti leveni bwana anasuzumira pawindo la ofesi n'kuuza Chipewa kuti akonzeke, chifukwa nambala seveni apita nayo ndi iye. Sanadikire n'komwe kuti thwelofu ikwane. Chipewa anandiyang'ana, n'kutambasula manja kusonyeza kuti iye anayesetsa. Anakwera masitepe, ndipo polowa anagunda bondo.

"Mayo, bondo langa. Koma madala, inu mumayendetsa bwanji chiwongolero chili pamchombo chonchi? Tsiku lililonse ndikalowa muno ndiyambe ndalimbana nacho kuchikweza."

Mawuwo analowa khutu ili, n'kutsala pang'ono kutulukira linalo. Kenako anaima pakati.

"Chipewa, usachigwire."

"Ndalakwanso chiyani?"

"Usachigwire, ndati. Tsika."

Chipewa amayendetsa chiwongolero chili m'mwamba. Ine ndikabwera ndi kamakina, ndimayamba ndauza bambo kuti achikweze, ndipo ndikazula chingwe iwo amachibwezera pansi. Ndiye kuti masiku anayi onsewo, thiraki sinayesedweko ngakhale mphindi imodzi ili mmene bambo amaiyendetsera. Pofuna kuti chingwe cha kamakina chilowe, ndinkachotsa vutolo ndi pakamwa panga, kenako n'kuyamba kulifunafuna ola ndi theka. Ndikanakhala ndi nthawi ndikanadzimenya mbama.

Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ikulendewera kunja kwa chitseko, tochi ili pakamwa. Chivundikiro chapulasitiki chinakana kumasuka mbali imodzi, ndipo ndinachithyola osamva chisoni. Mtolo wa mawaya ochokera ku kiyi unali utakokeka ngati chingwe choyanikapo zovala, utatsamira pa msonga ya chitsulo chogwira chiwongolero. Tsiku lija ndinkayeza pamenepa chiwongolero chili m'mwamba, mtolowo unali lende, wosaoneka vuto. Ndinayamba kupapasa mawaya mmodzimmodzi. Wofiira kunja anali wosalala, wopanda bala, koma pamalo amodzi anali wofewa, akupindika yekha pakati pa zala zanga. Mkuwa wa mkati unali utaduka, nsonga zake zikungokhudzana.

Kompyuta ya thiraki sidziwa dzanja la munthu. Imangodziwa kuti magetsi ochokera ku kiyi alipo kapena palibe, ndipo akatha imalemba kuti dalaivala wazimitsa. Kamakina sikananame. Kanangobwereza zimene kanauzidwa, ine n'kubwereza zimene kanandiuza.

Ndinatsika thukuta lili kamukamu, ndikuseka ndekha. Ndinauza Chipewa kuti athamange akaitane bwana, ine n'kupita kwa bambo.

"Bambo, ndalipeza. Ndi waya wa kiyi. Mukatsitsa chiwongolero mpaka pansi amakokeka. Simunaigwire kiyi, bambo."

"Ndinakuuza."

Ananena choncho basi, osamwetulira. Anali ataimirira, akuyang'ana pansi. Kuseka kwanga kunayamba kutha pang'onopang'ono, chifukwa ndinakumbukira chinthu china. Ndili mwana, sukulu ikatsekedwa, bambo ankanditenga maulendo ena. Ankagwira chiwongolero chili m'mwamba, manja atatambasula, chifuwa chili patsogolo, ndipo akaona dalaivala woyendetsa chili pamimba ankaseka n'kunena kuti ameneyo anaphunzirira pa wilibala.

"Munayamba liti kutsitsa chiwongolero?"

"Ukalamba, mwanawe. Msana."

"Msana umafuna kusuntha mpando, osati chiwongolero. Munayamba liti?"

"Pali miyezi itatu."

Zinthu zinayamba kubwera zokha m'mutu mwanga. Jekete loponya pampando, msomali wake uli pamwamba. Kapu ya tiyi kumanzere. Babu ya m'bafa imene inapsa mwezi watha, ndipo bambo, munthu wosadikira kuuzidwa ntchito, anadikira kuti ndiisinthe ine. Ndinayang'ana malaya awo. Anali atanyowa kumsana konse ndi m'khwapa, pa ulendo wa ola ndi theka wa thiraki yopanda katundu. Maulendo atatu ndinakhala pambali pawo nditawakakamiza kukweza chiwongolero, ndipo sindinawayang'ane ngakhale kamodzi, maso ali pagalasi.

"Kwezani dzanja lamanja, bambo."

"Bwana akubwera. Uwaonetse waya. Zinazo ndi za kunyumba."

Bwana anafika kalata ili m'manja, cholembera chili m'thumba la malaya. Kunali kutatsala mphindi khumi. Kumbuyo kwawo kunali Chipewa ndi amakaniko awiri, ndipo ena anayamba kusiya ntchito n'kusendera pafupi.

Ndinakwera, n'kuliza injini chiwongolero chili pansi. Ndinauza bwana kuti aime pa sitepe, ayang'ane kiyi, aone kuti sindikuigwira. Kenako ndinamenya tsinde la chiwongolero ndi chibakera. Injini inapitiriza kulira. Ndinamenyanso, mwamphamvu. Inapitiriza. Popapasa paja ndinali nditagundanitsa bwino nsonga za mkuwa, ndipo tsopano zinali zitagwirana ngati sizinasiyanepo. Ndinamenya kachitatu mpaka dzanja linachita dzanzi.

Bwana anayang'ana nthawi pa foni. "Mayi Kompyuta, thiraki si ng'oma."

Wina kumbuyo anaseka. Ndikanatha kungolowetsa dzanja n'kukoka wayayo, koma aliyense akanati ndazimitsa ndi ine, ndipo nzeru ya Chipewa ija inali itamveka kale ndi makutu angapo.

"Pamtsetse paja pali pokhota," anatero bambo ali pansi, osakweza mawu. "Umakhotera kumanzere, ndiye pali kabampu. Maulendo enawo inkazimanso ndikukhota."

Ndinakhotetsa chiwongolero kumanzere, theka la kuzungulira, n'kuchigwira pomwepo. Ndinachigwedeza kamodzi. Nyali za padashibodi zinaphethira, singano zonse zinagwa, ndipo injini inati zii. Kiyi inali pamalo pake, palibe anaikhudza.

Ndinakweza chiwongolero, ndinalowetsa chingwe, ndinatsegula mbiri ija n'kuwapatsira bwana kamakina m'manja. Ulendo uno sindinawerenge mokweza.

"Werengani nokha, bwana. Mzere wa pamwamba."

Anawerenga milomo ikugwedera. "Injini inazimitsidwa ndi kiyi." Anayang'ana kiyi, anayang'ana galasi, anayang'ananso kiyi. "Bwerezani."

Ndinabwereza, inazimanso. Mafoni onse awiri anayamba kulira nthawi imodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, bwana sanayankhe ndi imodzi yomwe. Anatsika pa sitepe, anatambasula kalata ija, n'kuing'amba pakati pamaso pa anthu onse.

"Madala, ndinakulakwirani. Aliyense amve, madalawa kiyi sanaigwire."

Bambo anangoweramitsa mutu pang'ono. Bwana anaponya mapepala aja pansi, n'kuyamba kuyenda, kenako anatembenuka.

"Koma chiwongolero pansi chonchi, chifukwa chiyani?"

Bambo sanandiyang'ane, koma ndinamva kuti akundidikira.

"Ndi tebulo lawo, bwana," anatero Chipewa. "Amadyerapo."

Anthu anaseka, bwana nawo anaseka, ndipo funso linathera pomwepo.

"Konzani wayayo, mayi Kompyuta. Madala, mukasenze simenti, wani koloko munyamuke. Msewu mukuudziwa."

Msewu ankanenawo ndi womwe uja wa mtsetse ndi mlatho.

Anthu anabalalika kupita kukadya. Ndinagonanso pansi pa chiwongolero, ndinadula pofewa paja, ndinalumikiza waya watsopano wotalikirapo, ndinamata, ndinakulunga mtolo wonse n'kuumanga kutali ndi chitsulo chija. Ndi ntchito ya mphindi khumi ndi zisanu, koma ndinaikoka mpaka theka la ola. Ndinatsitsa chiwongolero, ndinakhotetsa uku ndi uku, ndinachigwedeza mwaukali. Injini sinazime. Ndinazimitsa ndekha, n'kuzula makiyi.

Bambo anali akundidikira pansi, chikwama chawo cha paulendo chili paphewa. Anali atatsuka kumaso. Anatambasula dzanja lamanzere.

"Ndipatse."

Ndinakweza makiyi mpaka anafika molingana ndi chipumi chawo.

"Tengani ndi lamanja."

"Usandichititse manyazi pa yadi, iwe."

"Palibe akutiona. Tengani."

Anayang'ana makiyi aja nthawi yaitali. Kenako anayesa. Dzanja linanyamuka pang'onopang'ono, linafika pa lamba, linafika pa thumba la malaya, n'kuyamba kunjenjemera. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Linaima pamenepo, kenako linagwa lokha n'kumenya ntchafu. Limeneli ndi dzanja limene linkandinyamula kundiika pampando wa thiraki ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinalira, ndipo ndinapsa mtima kuti ndikulira.

"Linayamba bwanji?"

"Ndinangodzuka tsiku lina lili lolemera. Ndinkati lisiya."

"Ku chipatala munapita?"

"Akanalemba. Zolemba zimayenda."

"Nanga Lachiwiri lija?"

"Ndinakoka ndi limodzi. Akanakhala onse awiri, chipupa chija sindikanachikhudza." Anayang'ana kumbali. "Mayi uja wa nsapato ndimamuona m'maganizo tsiku lililonse."

"Ndiye mukufuna mubwerere komweko ndi simenti?"

"Waya wakonza."

"Ndakonza waya mmodzi, bambo. Tayala likaphulika? Paipi ya chiwongolero ikaboola? Kamakina sikaona zimenezo, ndipo inu simungazigwire."

"Ulendo umodzi wokha, mwanawe. Ndituluke pageti ili anthu akuona, adziwe kuti sanandichotse. Ndikabwerako ndikanena ndekha."

Ndinafuna kuwapatsa. Pa zonse zimene zinachitika sabata imeneyo, ichi ndi chimene chimandiopsa kwambiri ndikakumbuka, kuti dzanja langa linayamba kutsika. Ndinali nditawapachika kamodzi pamaso pa anthu, ndinali nditawakayikira mumtima, ndipo tsopano ndinali nditangowachotsa pamoto kuti ndiwakankhire pa wina. Palibe akanadziwa. Pepala limene ndimasaina povomereza ulendo limafunsa za thiraki, silifunsa za dalaivala.

Ndinaika makiyi m'thumba la ovolosi n'kutseka zipi.

"Mukanena nokha, kapena ndikanene ine?"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. Ndinkayembekezera kuti andikalipira tsopano, zonse za masiku anayi aja zituluke. M'malo mwake anatulutsa mpweya wautali, n'kutula chikwama pansi.

"Pakamwa pakopo panena zokwanira sabata ino," anatero. "Ndikanena ndekha."

Anawerama n'kutola zidutswa ziwiri za kalata ija. Anazipinda ndi dzanja limodzi atazitsamiza pa ntchafu, n'kuziika m'thumba la malaya.

"Zimenezo n'zachiyani, bambo?"

"Kuti wina akadzafunsa, ndidzamuonetse kuti inang'ambidwa."

Anayamba kuyenda, kenako anaima n'kuloza kamakina kamene kanali pa sitepe.

"Miyezi itatu tikudya pa tebulo limodzi," anatero. "Koma ine ndilibe kabowo kolowetsapo chingwe chakocho."

Sananene mokalipa. Zikanakhala bwino akanakalipa.

Ndinakwera m'thiraki kukatsitsa katundu wawo Chipewa asanabwere kudzaitenga. Munali bulangeti, fulasiki, tochi, sopo, magalasi owerengera, ndi chithunzi cha mayi chimene anachipanikiza kuseri kwa chotchingira dzuwa. Zonse zinakwana mu jumbo imodzi. Ndinakweza chiwongolero mpaka pamene Chipewa amachifuna, n'kulowetsa chingwe komaliza, chifukwa lamulo limati thiraki isatuluke pageti isanayezedwe.

Kamakina kakufunsa mafunso ake, ndinakweza maso. Bambo anali akudutsa pakati pa yadi padzuwa, msana uli chilili, dzanja lamanja likulendewera pambali. Ndinawayang'ana mpaka anafika pakhomo la ofesi n'kugogoda ndi lamanzere. Chitseko chitatsekedwa ndi pamene ndinayang'ana pagalasi. Panalembedwa kuti palibe vuto lililonse.